Smells Like Teen Spirit ndi matepi a ku Maida Vale

Lero tisiyeko kaye za mayeso ndi za choko, tikambe za nyimbo ina yaphokoso imene ine ndimaikonda kwabasi, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mutaimva mungafunse ngati sipika ya wailesi yang'ambika. Dzina lake ndi Smells Like Teen Spirit, ndipo eni ake ndi anyamata atatu a ku America a gulu la Nirvana. Mbiri ya nyimboyi yalembedwa kambirimbiri, koma pali mbali ina imene olemba ambiri amangoidumpha, ndiyo ya zimene anyamatawa anajambula m'masitudiyo a wailesi ya BBC ku London pakati pa 1989 ndi 1991. Anapitako kanayi. M'kalasi timauza ana kuti posanthula mbiri yakale ayambe afufuza umboni wa nthawi yomweyo asanamvere zonena za anthu obwera pambuyo, paja kandimverere anakanena zam'maluwa. Matepi anayi amenewa ndiye umboni wotere.

Tiyambire kwawo. Kurt Cobain, woimba ndi gitala komanso wotsogolera mawu, ndi Krist Novoselic wa bezi, anayambitsa gululi m'chaka cha 1987 ku Aberdeen, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa America. Ndi dera la mvula yosaleka, la anthu odula mitengo ndi ocheka matabwa, ndipo m'zaka zimenezo ntchito zamatabwazo zinali zikutha. Nthawi imeneyo mawailesi akuluakulu a ku America ankakonda magulu a rock a tsitsi lokonzedwa bwino ndi zovala zonyezimira. Pambali pa amenewa panali timagulu tosauka, toyenda pa minibasi zakutha, tojambulitsa ku timakampani ting'onoting'ono, timene nyimbo zake zinkamveka pa mawailesi a ophunzira a m'makoleji basi. Nyimbo za timagulu timeneti ndi zimene ankazitcha alternative rock, ndipo mtundu wake wa ku Seattle, wa magitala olemera ndi okhakhala, anaupatsa dzina loti grunge.

Chimbale choyamba cha Nirvana, chotchedwa Bleach, chinatuluka mu Juni 1989 ku kampani yaing'ono ya ku Seattle yotchedwa Sub Pop. Pachikuto pake analembapo kuti kujambula konse kunadya madola 606 ndi masenti 17. Ndalama imeneyo magulu otchuka a nthawiyo sakanalipira nayo ngakhale tsiku limodzi la situdiyo. Mu Okutobala chaka chomwecho anawoloka nyanja koyamba, limodzi ndi gulu lina la ku Seattle lotchedwa Tad, ndipo atangotha masiku ochepa ku Britain anaitanidwa ku BBC.

Apa ndiyenera kufotokoza chifukwa chimene wailesi yaikulu ngati imeneyo inkaitanira anyamata osadziwika kudzajambula, pomwe ikanatha kungoika mbale yawo pa makina. Ku Britain kunali pangano lakale pakati pa BBC, makampani a mbale ndi bungwe la anthu oimba, lotchedwa needle time, kutanthauza nthawi imene singano ya galamafoni ikuloledwa kukhala pa mbale. Panganoli linkachepetsa maola amene wailesi ingaulutse mbale zogulitsa m'masitolo, pofuna kuti oimba asasowe ganyu. Maola otsalawo wailesi inkayenera kudzaza ndi nyimbo zojambula yokha. Radio 1 itatsegulidwa mu 1967, lamuloli linali ngati chingwe m'khosi kwa aulutsi ake. Koma mmodzi wa iwo, John Peel, analisandutsa mwayi. Iye ankaitana magulu amene sanatulutsepo mbale, kapena amene aulutsi anzake ankawanyoza, n'kuwapatsa situdiyo ya BBC ndi akatswiri ake kwa tsiku limodzi. Panganoli linatha mu 1988, koma pofika nthawiyo mwambowo unali utazika mizu, ndipo unapitirira mpaka Peel atamwalira. Pa zaka 37 zimene anagwira ntchito pa Radio 1, magulu ndi oimba oposa 2,000 anajambula maulendo pafupifupi 4,000, ndipo zojambulazo zimadziwika ndi dzina loti Peel Sessions.

Zambiri mwa izo zinajambulidwa ku Maida Vale, chinyumba chachitali cha kumadzulo kwa London chimene chinamangidwa mu 1909 ngati malo a masewera otsetsereka pa nsapato zamateyala, BBC n'kudzachitenga m'ma 1930. Dongosolo lake linali losavuta: mufike masana, mukonze zida, mujambule nyimbo zitatu kapena zinayi, akatswiri asakanize mawu, pofika usiku zonse zatha. Panalibe mpata wobwereza kambirimbiri kapena wophimba zolakwika. Chimene gulu linali nacho tsiku limenelo ndi chimene chinkalowa pa tepi. Ndipo musaganize kuti khomo limeneli linali la Azungu okha. Bhundu Boys a ku Zimbabwe, amene ambiri a ife tinavina nyimbo zawo, anajambulira Peel mu 1986, ndipo Four Brothers, a ku Zimbabwe komweko, anajambulako kangapo kuyambira mu 1988.

Ulendo woyamba wa Nirvana ku Maida Vale unali pa 26 Okutobala 1989. Pa ng'oma panali Chad Channing. Anajambula nyimbo zinayi: Love Buzz, ya gulu la ku Netherlands la Shocking Blue imene inali pa kambale kawo koyamba ka 1988, About a Girl, Spank Thru ndi Polly. Tepi imeneyi ili ndi phunziro. Anthu ankaganiza kuti Nirvana ndi chiphokoso chokhachokha, koma About a Girl ndi Polly ndi nyimbo zoti munthu ukhoza kuziimbira mluzu ukusesa pabwalo. Polly inadzatuluka pa chimbale patapita zaka ziwiri. Kutanthauza kuti omvera a Peel anaimva dziko lonse lisanaidziwe, ndipo kwa wofufuza mbiri, tepiyi ikuchitira umboni kuti luso la Cobain lopeka nyimbo zokoma m'khutu silinabwere ndi ndalama za kampani yaikulu. Anali nalo kale ali wosauka.

Ulendo wachiwiri unali pa 21 Okutobala 1990, ndipo uwu ndi umene ine ndimaukonda kuposa yonse. Channing anali atachoka, ndipo m'malo mwake munalowa Dave Grohl, mnyamata wa zaka 21 wochokera ku gulu la Scream la ku Washington DC. Anali asanathe ngakhale mwezi wathunthu ali m'gululi. Aka kanali koyamba kuti atatuwa, Cobain, Novoselic ndi Grohl, alowe limodzi mu situdiyo yeniyeni. Wotsogolera kujambulako anali Dale Griffin, amene nayenso anali woimba ng'oma wakale wa gulu la Mott the Hoople. Chodabwitsa n'chakuti gulu lofuna kudziwika, litapatsidwa mwayi pa wailesi ya dziko lonse la Britain, silinaimbe nyimbo yakeyake ngakhale imodzi. Anaimba za eni: Molly's Lips ndi Son of a Gun za gulu la ku Scotland la The Vaselines, Turnaround ya Devo, ndi D-7 ya Wipers a ku Portland. Zinali ngati mwana amene wapatsidwa mpata wolankhula pamsonkhano n'kuyamba watchula kaye aphunzitsi ake. The Vaselines anali atabalalika kale, koma patangopita masiku ochepa anakumananso kuti atsegulire Nirvana dansi ku Edinburgh, Cobain atawapempha.

Mukamvera tepi ya 1990 imeneyi, tcherani khutu ku ng'oma. Grohl amamenya ngati akukhoma mpini wa khasu, mwamphamvu koma mosaphonya, ndipo nyimbo zofewa za The Vaselines zimasanduka zothamanga ndi zolemera popanda kutaya kukoma kwake. Mchere umene unadzakometsa Smells Like Teen Spirit unathiridwa tsiku limeneli, nyimboyo isanapekedwe n'komwe.

Tsopano nyimbo yathu ija. Inapekedwa kumayambiriro kwa 1991 ndipo anaiimba koyamba pagulu pa 17 Epulo chaka chomwecho ku OK Hotel ku Seattle. Dzina lake linachokera ku nthabwala. Mnzake wa Cobain, Kathleen Hanna wa gulu la Bikini Kill, analemba pakhoma la chipinda chake kuti Kurt akununkhira Teen Spirit. Cobain anaganiza kuti ndi mawu ozama onena za mzimu woukira wa achinyamata, osadziwa kuti Teen Spirit ndi dzina la mafuta onunkhiritsa kukhwapa amene atsikana ankagula m'masitolo. Ananena yekha kuti izi anadzazitulukira nyimboyo itatuluka kale. Za kapangidwe kake sanabise: anauza magazini ya Rolling Stone kuti ankayesa kutengera gulu la Pixies la ku Boston, limene linkadziwika ndi kuyamba motsitsa, kenako n'kuphulika, n'kutsitsanso.

Mu Meyi 1991 anaijambula ku Sound City, ku Van Nuys m'chigawo cha California, motsogozedwa ndi Butch Vig, ndipo Andy Wallace ndiye anasakaniza mawu ake. Imayamba ndi gitala yekha, wouma, ngati wa mnyamata amene akuphunzira pakhonde. Kenako ng'oma zimagwa ngati matalala padenga la malata, ndipo zonse zimalira pamodzi. Usanapume n'komwe, phokoso lija lazimirira. Kwatsala bezi akuyenda pansipansi, gitala akungodontheza timawu tiwiri, ndipo Cobain akuimba ngati wangodzuka kumene. Umadziwa kuti chimvula chija chibweranso, ndipo chikabwera mtima umadumpha ngakhale waimva kambirimbiri. Nyimbo yonse yatsamira pa makodi anayi okha. Pamene oimba gitala a nthawiyo ankaonetsa luso lothamangitsa zala, Cobain pakati pa nyimboyi amangobwereza pa gitala zimene wangoimba pakamwa. Mawu ake ndi ovuta kumva ngakhale kwa eni Chingerezi, moti mawailesi ena poyamba ankaikana, koma kukhumudwa ndi kunyong'onyeka kumene kuli m'mawuwo sikufuna womasulira.

Ulendo wachitatu wa ku Maida Vale unali pa 3 Sepitembala 1991, patangopita masiku ochepa ataimba masana pa chikondwerero cha ku Reading, ndipo kutatsala sabata imodzi yokha kuti kambale kawo katsopano katuluke. Munthu wanzeru zamalonda akanati imbani nyimbo imene tikufuna kugulitsa. Iwo sanaikhudze. Anajambula Drain You, imene inadzakhala kuseri kwa kambaleko ku Britain. Endless, Nameless, chiphokoso chopanda mutu chimene pa chimbale chinabisidwa kumapeto, patadutsa mphindi pafupifupi khumi za zii. Ndi Dumb, nyimbo yofatsa yachisoni imene sinatuluke pa chimbale mpaka 1993 pa In Utero. Drain You ya pa wailesiyi ndi yokhakhala kuposa ya pa chimbale. Ku Sound City, Vig ankasanjikiza magitala ambirimbiri ndipo ankamunyengerera Cobain kuti aimbe mawu ake kawiri, pomuuza kuti John Lennon ankateronso. Ku Maida Vale kunalibe nthawi ya zonsezo. Cobain pambuyo pake anadandaula kuti chimbale chija chinasalala mopitirira muyeso, ndipo amene akufuna kudziwa chimene ankatanthauza angomvera nyimbo ziwirizi motsatizana.

Pa 10 Sepitembala 1991 kampani ya DGC inatulutsa Smells Like Teen Spirit, ndipo pa 24 mwezi womwewo chimbale cha Nevermind chinatsatira. Kampaniyo sinkayembekezera zambiri: ku masitolo a ku America inatumiza makope osakwana 50,000. Kumapeto kwa mweziwo kanema wa nyimboyi, wojambulidwa ndi Samuel Bayer, anayamba kuonetsedwa pa MTV. Akuonetsa ana asukulu atakhala m'holo yamasewera, poyamba mwaulemu, kenako n'kusokoneza zonse. Monga mphunzitsi ndimamuonera ndi mantha pang'ono! Nyimboyi inafika pa nambala 6 pa mndandanda wa Billboard ku America ndi pa nambala 7 ku Britain. Pa 11 Januwale 1992 Nevermind inachotsa chimbale cha Dangerous cha Michael Jackson pa nambala 1. Mpaka pano yagulidwa makope oposa 30 miliyoni, ndipo mu Disembala 2019 kanema uja anakwanitsa kuonedwa ka 1 biliyoni pa YouTube.

Ulendo wachinayi unachitika moto uli mkati, pa 9 Novembala 1991. Ulendo uno sanajambulire Peel koma Mark Goodier wa pulogalamu ya Evening Session, pa Radio 1 pomwepo, ndipo wotsogolera anali Miti Adhikari. Apanso nyimbo imene dziko lonse linkaifuna sanaiimbe. Anatenga Polly, imene pa chimbale ndi yapang'onopang'ono ya gitala wopanda magetsi, n'kuithamangitsa ngati ikuthawa galu. Anaimbanso Been a Son, Something in the Way, ndi Aneurysm. Aneurysm imeneyi inali kuseri kwa Smells Like Teen Spirit pa CD, yojambulidwa ku Seattle pa 1 Januwale 1991, koma ya ku BBC ndiyo yakupsa, yomangika bwino, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidziwa lero. Kwa ine palibe nyimbo ina ya Nirvana yoposa imeneyi, ndipo taonani, inali ya kuseri kwa mbale.

N'chifukwa chiyani ankaizemba nyimbo yawo yotchukayo? Yankho lina tikulipeza kumapeto kwa mwezi womwewo pa pulogalamu ya kanema ya Top of the Pops. Kumeneko lamulo linali lakuti zida zisalire zenizeni, oimba azingoyerekeza pamene tepi ikulira, mawu okha ndiwo akhale amoyo. Anyamatawa ananyoza dongosololi poyera: Novoselic ankangozunguza bezi wake m'mwamba, Grohl ankamenya mphepo, ndipo Cobain anaimba nyimbo yonse ndi mawu okhuthala apansi ngati a bambo wa kwaya. Ku kanema ankafunidwa kuti agulitse katundu. Ku Maida Vale ankaloledwa kuimba zimene akufuna, ndipo mwayi umenewo sanafune kuuwonongera pa nyimbo imene inkalira kale paliponse. Omvera a Peel sanaiwale nyimboyo ayi: pa chisankho chawo cha pachaka chotchedwa Festive Fifty anaiika pa nambala 1 ya 1991, ngakhale Peel mndandanda wa chaka chimenecho anadzauulutsa mu 1993, nyimbo imodzi pa pulogalamu iliyonse.

Matepi aja sanakhalitse m'kabati. Nyimbo za ulendo wa 1990 zinatuluka mu 1992 pa kambale ka Hormoaning ku Australia ndi ku Japan. Mu Disembala 1992 chimbale cha Incesticide chinasonkhanitsa zitatu za ulendo umenewo ndi zitatu za kwa Goodier. Dumb ndi Endless, Nameless za 1991 zinatuluka mu 2004 m'bokosi la With the Lights Out, ndipo Drain You ndi Something in the Way zinatuluka mu 2011 pokumbukira kuti Nevermind yatha zaka 20. Koma mwini wake zina mwa izi sanazione. Kutchuka kunamulemera, matenda a m'mimba ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin zinamufooketsa, ndipo pa 5 Epulo 1994 anadzipha kunyumba kwake ku Seattle ali ndi zaka 27. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ndikamvera tepi ya Okutobala 1990 ndimamva anyamata atatu akusangalala ndi nyimbo za anzawo, osadziwa chimene chikubwera. Amene amangodziwa mapeto a nkhaniyi amaganiza kuti moyo wonse wa Cobain unali mdima. Tepi ija ikutsutsa zimenezo.

Kwathu kuno nyimboyi inafika mochedwa. Mu 1991 wailesi inali imodzi yokha, MBC, kanema kunalibe mpaka 1999, ndipo mwamuna wa tsitsi lofika m'mapewa ngati Cobain akanakumana ndi sizasi pabwalo la ndege, popeza lamulo la nthawiyo silinkalola. Ine ndinaimva kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndili ku sekondale, pa kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti ina, yopanda chikuto, moti dzina la gululo ndinadzalidziwa patapita nthawi. Peel yekha ndiye ankatifika mwachindunji, chifukwa analinso ndi pulogalamu pa BBC World Service imene munthu unkatha kuigwira pa shortwave, mawu akubwera ndi kupita ngati mafunde a ku Nkhata Bay.

John Peel anamwalira ndi matenda a mtima pa 25 Okutobala 2004 ku Cusco m'dziko la Peru, ali ndi zaka 65. Mu 2023 BBC inagulitsa chinyumba cha Maida Vale kwa gulu la anthu amene mmodzi mwa iwo ndi Hans Zimmer, wopeka nyimbo za m'mafilimu. Chimene chatsala ndi matepi, ndipo ngakhale iwowo si onse. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 BBC inkafufuta matepi ambiri kuti ijambulepo zina, moti zojambula zina za nthawiyo zinapulumuka chifukwa choti womvera wina kunyumba kwake anadina batani la wailesi yakaseti. A Nirvana anachita mwayi kuti anafika nthawi imene anthu anali atazindikira mtengo wa zinthu zimenezi.

Nkhani imeneyi ikutikhudza ifenso. Oimba athu ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 analibe kwina kojambulira koma ku situdiyo ya wailesi ku Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo sanatulutsepo mbale m'moyo wawo wonse. Kwa oimba otere tepi ya wailesi ndiyo chimbale chawo chokhacho. Ikaola ndi chinyezi kapena kudyedwa ndi nkhungu, mawu awo apita osabwereranso. Ndiye inu amene muli ndi makaseti akale m'sutikesi ya malemu bambo kapena amalume, aja ankajambula pa wailesi Loweruka madzulo, musawataye poyeretsa m'nyumba. Pezani wina wodziwa kuti awasamutsire pa kompyuta, ndipo mulembe tsiku ndi dzina la woimba ngati mukulikumbukira.

Kwa amene simunamvepo nyimbo zimenezi, yambani ndi Smells Like Teen Spirit, mukweze mawu mpaka pamene anansi angapirire. Mukatero mupeze Incesticide, mumvere Son of a Gun ya 1990 ndi Aneurysm ya 1991. Zikakukanikani, palibe mlandu, makutu amasiyana.